Ndinalipira K20,000 kuti iPhone X yanga ipangidwe jailbreak: nyenyezi ziwiri mwa zisanu

Ndadikira miyezi isanu ndisanalembe ndemangayi chifukwa sabata yoyamba ndikanapereka nyenyezi zonse zisanu, ndipo ndikanakunamizani.

Ine ndimagulitsa zitenje ndi nsapato za amayi kuno ku Lilongwe, ndipo malonda anga ambiri amayendera pa WhatsApp. Foni yanga ndi iPhone X yogwiritsidwa kale ntchito, anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Johannesburg. Ndi foni ya 2017, inathera pa iOS 16 (iOS ndi pulogalamu yaikulu yoyendetsa iPhone), siingapitirire apo. Zomwe ndinkafuna zinali ziwiri. Choyamba, kujambula mawu poimbirana foni, chifukwa makasitomala ena amaoda zitenje zisanu pakamwa, katundu akafika n'kumati "ine ndinati ziwiri". Apple inaika zojambulira mawuzi mu iOS 18.1 chaka cha 2024, koma foni yanga singafike kumeneko. Chachiwiri, ndinkafuna WhatsApp ya nambala yachitatu. Yanga ndili nayo, ya Business ndili nayo, koma pali nambala ina yakale yomwe makasitomala a ku Mchinji ndi ku Chipata anaizolowera.

Mnzanga wa pamsika ndiye anandilozera kakauntala kena ka okonza mafoni m'tauni. Dzina la malowo sindilitchula. Mnyamatayo ndi waulemu, ntchito yake akuidziwa, ndipo zomwe ndinapempha anandichitira. Vuto langa lili pa zomwe sanandiuze.

Ndiyambe ndi zomwe anachita bwino. Nditangofika anandifunsa kuti, "Amayi, mukufuna jailbreak yeniyeni kapena mukunena zochotsa loko ya netiweki?" Anthu ambiri timasakaniza zinthuzi, zonse timangoti kuflasha. Anandifotokozera kuti foni yokana SIM ya kuno ndi nkhani ina, foni yotsekedwa ndi iCloud ya mwiniwake wakale ndi nkhani inanso (ndipo anati zotero sagwira, poti zambiri zimakhala zakuba), pomwe jailbreak ndi kuchotsa malire amene Apple inaika kuti munthu uzitha kulowetsa mapulogalamu osachokera ku App Store. Apa ndinamukhulupirira.

Kenako ananena kuti foni iyenera kufufutidwa kaye yonse. Izi anandiuza atalumikiza kale chingwe, ine nditakhala pakampando ka pulasitiki, ndalama nditapereka. Tinasunga macheza a WhatsApp ndi manambala ku iCloud, bandulo yanga ya sabata inathera pomwepo. Anagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa palera1n, pa laputopu yakale yomwe anaiyatsa ndi fulashi. Anandipatsa ntchito yogwira mabatani, la m'mbali ndi lochepetsa mawu, iye akuwerenga masekondi. Kawiri konse tinaphonya. Kachitatu sikirini inada bii, kenako panayamba kuyenda timalemba ting'onoting'ono toyera. Zonse zinatenga maola awiri, nthawi yambiri inali yodikira kuti zinthu zanga zibwerere.

Foni itayaka panali kapulogalamu katsopano kotchedwa Sileo, komwe ndi ngati msika wina wapambali pa App Store. Anandiikira chojambulira mawu, anandiikira Crane yomwe imalola pulogalamu imodzi kukhala ndi maakaunti angapo, Filza yoonera mafayilo a m'kati mwa foni, ndi china chotsekereza zotsatsa malonda. Ndikunyamuka anangoti, "Amayi, pasakhale pasikodi, komanso foni isamazime." Ine ndinamva ngati akunena za tsiku lomwelo, kuti zinthu zikhazikike kaye. Sindinafunse, nayenso sanaonjezere.

Ubwino wake unalipo ndithu, sindingaukane. Chojambulira mawu chinagwira ntchito mwezi woyamba womwewo. Mayi wina anakana kuti sanaode nsapato za saizi 7, ndinamutumizira mawu ake omwe, anaseka n'kulipira. (Ndinkawauza anthu kuti ndikujambula. Kujambula munthu mobisa ine sikundikhalira bwino, ngakhale akhale wangongole.) Manambala atatu a WhatsApp anakhala pafoni imodzi, ndinasiya kuyenda ndi kafoni kachiwiri m'chikwama. Zotsatsa malonda zinachepa kwambiri, masamba a pa intaneti ankatseguka msanga ndipo bandulo inkakhalitsa kuposa kale. Foni ya zaka zambiri inaoneka ngati yabadwanso. Ana anga anakonda kuti zithunzi za mapulogalamu zinasintha maonekedwe, ine zimenezo ndinalibe nazo ntchito.

Mavuto anayamba ndi banki. Tsiku lachitatu ndikutsegula pulogalamu ya banki yanga kuti ndilipire katundu, inangolemba uthenga wachingerezi wonena kuti foniyi si yotetezeka, n'kudzitseka. Ndinabwerera kwa mnyamata uja, anaika kanthu kena kobisa jailbreak kuti banki isazindikire. Zinatheka kwa masabata atatu. Pulogalamu ya banki itasinthidwa, inayambanso kukana. Ulendo wachiwiri anayesayesa, zinakanika, ndipo ndinabwerera ku njira yakale yoimba manambala a nyenyezi aja. Nthawi imeneyo ndinkakwiyira banki. Pano ndikuona kuti banki inali ndi nzeru kuposa ine.

Vuto lachiwiri ndi la kuzima kwa foni, ndipo ili ndi lomwe linanditopetsa kwambiri. Jailbreak ya mtundu umenewu siikhala m'foni mpaka kalekale. Foni ikangozima, kaya batire latha kaya mwaizimitsa nokha, imayaka ngati iPhone wamba. Kuimba mumaimba, mauthenga amabwera, koma zonse zoonjezera zija zimagona tulo mpaka mutailumikizanso ku kompyuta n'kubwereza zogwira mabatani zija. Tsono taganizani batire la foni ya 2017, kuno kwathu komwe magetsi amatha kuzima m'mawa n'kubwera usiku. M'miyezi isanu foni inazima kasanu ndi kawiri. Ulendo uliwonse WhatsApp yachitatu ija inkasowa, makasitomala a ku Mchinji n'kumaganiza kuti ndawathawa. Ulendo uliwonse minibasi yopita m'tauni, yobwerera, ndi K3,000 ya mnyamata, poti kuyatsanso sikunali m'gulu la K20,000 ija. Ndinagula power bank, ndipo ndinafika poti batire likafika pa 15 mtima unkagunda ngati ndaona apolisi apamsewu ndilibe laisensi.

Koma chomwe chandichititsa kuchotsa nyenyezi zitatu ndi pasikodi. Ndinkaganiza kuti pakapita masiku ndidzaibwezeretsa. Ayi. Pa iPhone 8 ndi iPhone X, jailbreak imeneyi siyendera limodzi ndi pasikodi, ndipo popanda pasikodi Face ID nayonso palibe. Pa iOS 16 mukangoika pasikodi, kuti mudzapangenso jailbreak muyenera kufufuta foni yonse kachiwiri, ndicho chifukwa chake anaifufuta tsiku loyamba lija. Ndiye kwa miyezi isanu ndinkayenda ndi foni yosakhoma, ngati nyumba yomwe chitseko chake angochitsamiritsa.

Ndinazindikira kukula kwake Loweruka lina pamsika. Ndinasiya foni pamwamba pa mulu wa zitenje ndikupereka chenji, kasitomala wina anabwera ndi kamwana ka zaka ngati zinayi. Potembenuka ndinapeza kamwanako kagwira foni, kala kamodzi kakuyenda pa sikirini, katsegula kale mauthenga. Pamwamba penipeni panali uthenga wa ku banki wosonyeza ndalama zotsala, pansi pake nambala zachinsinsi zija amatumiza ukafuna kutumiza ndalama. Mayi ake anakalanda foni n'kupepesa, palibe chinabedwa. Koma ndinaima pamenepo ndikuganiza kuti ngati kamwana kosadziwa kuwerenga kafika apa m'masekondi ochepa, nanga mnyamata wotsomphola mafoni pa depoti?

Madzulo ake ndinaitana mwana wa alongo anga, amene amaphunzira za makompyuta ku Blantyre ndipo anali patchuthi. Anaitenga foni, anatsegula Sileo, anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Azakhali, izi anakuikirani ndani?"

Zomwe anandifotokozera ndizinena m'mene ndinazimvera. Pa iPhone wamba, pulogalamu iliyonse imakhala ngati munthu wa lendi pa mdadada, aliyense chipinda chake, khomo lake, kiyi wake. Ya masewera singasuzumire m'chipinda cha ya banki. Jailbreak imapereka kiyi wa landilodi, wotsegula makomo onse, kwa tinthu toonjezera timene mwaika. Chojambulira mawu chinkagwira ntchito chifukwa cha kiyi ameneyo. Koma kanthu kena kalikonse koipa kakalowa, nakonso kamalandira kiyi yemweyo, n'kutha kuwerenga mauthenga, kuona zomwe mukulemba, kutenga zithunzi.

Ndiye anandionetsa mndandanda wa magwero komwe Sileo imatengako zinthu. Ena anati ndi odziwika. Awiri anali a zinthu zakuba, komwe tinthu togulitsa amatipereka ulere atatisintha. Crane ndi yogula, koma ine anandiikira yaulere yochokera kumeneko, ndipo sanandiuze. Mwanayu anati palibe angalumbire kuti m'katimo anangochotsamo mtengo wokha osaonjezeramo china. Anandikumbutsa za KeyRaider, kachilombo komwe kampani ya Palo Alto Networks inalengeza mu 2015, komwe kanaba maakaunti a Apple opitirira 225,000, ambiri a ku China, ndipo kanalowa m'mafoni a jailbreak okhaokha kudzera m'magwero otere a Cydia, msika wakale umene Jay Freeman anayambitsa mu 2008.

Panalinso china. Poika jailbreak pamafunika kusankha pasiwedi ya m'kati, yolamulira foni yonse. Mnyamata uja anailemba yekha, ine sanandipatse, sindinkadziwa n'komwe kuti ilipo. Komanso anasiya SSH ili yoyaka, njira yolowera m'foni kuchokera pa kompyuta ina. Mwana wa alongo angayu anaseka chomvetsa chisoni, anati nkhani imeneyi ndi yakale kwambiri: mu 2009 ku Australia kachilombo kotchedwa Ikee kanalowa m'ma iPhone a jailbreak omwe eni ake anasiya SSH yoyaka ndi pasiwedi yobwera nayo, "alpine", n'kumasintha chithunzi cha pa sikirini. Kameneko kanali kosewera, koma pasanathe mwezi kanatuluka kena ku Netherlands kolimbana ndi anthu a banki. Sindikunena kuti mnyamata wa m'tauniyo analowapo m'foni mwanga, umboni ndilibe ndipo sindikuganiza choncho. Kungoti kiyi wa nyumba yanga anali m'thumba mwa munthu wina kwa miyezi isanu ine osadziwa.

Ndinamufunsa mwanayu kuti nanga n'chifukwa chiyani Apple siingotseka bowo lomwe jailbreak imalowera. Anati pa mafoni akale singathe. Bowo lake, lotchedwa checkm8, linaululidwa mu 2019 ndipo lili m'chipu momwe, kachipangizo ka m'kati komwe kali ngati ubongo wa foni, kuyambira iPhone 4S mpaka iPhone X, ndiye palibe update ingalitseke. Komabe kuti munthu aligwiritse ntchito ayenera kukhala ndi foniyo m'manja ndi chingwe, ndipo pasikodi yolimba ndi yomwe imateteza zinthu zanu foni ikagwa m'manja olakwika. Pasikodi yomweyo ine ndinaipereka nsembe kuti ndizijambula mawu a anthu okana ngongole. Mnyamata uja anali atandiuzanso kuti ndisamapange update, ndiye zigamba za chitetezo zomwe Apple inkatulutsabe za iOS 16 zinkandidutsa.

Wina afunsa za malamulo. Ku America jailbreak ya foni inaloledwa mu 2010, koma Apple imanenabe kuti ndi kuphwanya pangano la pulogalamu yawo ndipo akhoza kukana kukuthandizani foni ikavuta. Kwa ine wa foni yakale yochokera ku Joni zimenezo sizinandikhudze, chitsimikizo chake chinatha kalekale.

Nyenyezi ziwirizo ndapereka chifukwa zomwe ndinapempha zinathekadi, ndiponso mnyamatayo anakana poyera zotsegula mafoni akuba. Zitatu ndachotsa chifukwa munthu wodziwa ntchito, ataona mayi wamalonda ali ndi pulogalamu ya banki pa sikirini yoyamba, anayenera kunena mawu atatu okha asanalandire ndalama: pasikodi simudzakhala nayo, foni ikazima mudzabweranso kudzalipira, ndipo banki ikhoza kukana. Akananena, ndikanabwerera kunyumba ndi K20,000 yanga. Kwa munthu amene ali ndi foni yachiwiri yongosewera nayo, yopanda banki ndi nambala za makasitomala, komanso ali ndi laputopu yake ndipo amawerenga yekha zomwe akuika, ndikuona kuti angasangalale nayo. Mwana wa alongo anga yemweyu ali ndi iPhone 7 ya jailbreak, koma mulibe ngakhale SIM.

Lamulungu lotsatira tinaifufuta foni yonse pa laputopu yake, tinaikamo iOS 16 yoyera, sitinabwezeretse chilichonse kupatula manambala, zithunzi ndi macheza. Ndinasintha pasiwedi ya Apple, ya imelo ndi PIN ya ku banki. Pulogalamu ya banki inatseguka ulendo woyamba. Nambala ya makasitomala a ku Mchinji yabwerera m'kafoni ka Android kotchipa komwe ndinkadandaula nako kaja, ndipo maoda onse tsopano ndimati andilembere pa WhatsApp, wokana ndimangomutumizira uthenga wake womwe. Nditadutsa pa kauntala paja sabata yatha mnyamatayo anandikuwira, "Amayi, simunazimitse foni masiku ano?" Ndinamuuza kuti ndinachotsa zonse. Anagwedeza mutu, anati anthu ambiri a iPhone X amatero.