Ndemanga pa wailesi ya WMMR ya ku Philadelphia

Ndakhala ndikumvera wailesi ya WMMR, yomwe imamveka pa 93.3 FM mumzinda wa Philadelphia ku America ndi madera ozungulira, popita ndi pochokera kuntchito, ndipo ndikuona kuti mphamvu yake yagona pa aulutsi ake, amene ndi anthu odziwika bwino mumzindamo, kuposa pa nyimbo zenizenizo, zomwe masiku ano munthu angathe kuzipeza pa foni nthawi iliyonse.

Wailesiyi inayamba kuika nyimbo za rock mu Epulo 1968, pamene a Dave Herman anayambitsa pulogalamu ya usiku yotchedwa The Marconi Experiment. Nthawi imeneyo mwini wake inali kampani ya Metromedia, ndipo zilembo za MMR zinachokera ku dzina limeneli. Mawailesi ambiri ankangobwereza nyimbo zifupizifupi zomwe zinali m'kamwam'kamwa, pomwe aulutsi a WMMR ankaloledwa kusankha okha nyimbo za mkati mwa chimbale, ngakhale zitalike bwanji. Ufulu umenewu ndi umene unathandiza woimba a Billy Joel, omwe mu Epulo 1972 anaimba ku situdiyo ya Sigma Sound wailesiyi ikuulutsa. Omvera anaikonda kwambiri nyimbo ya Captain Jack ya tsiku limenelo moti anapitiriza kuipempha kwa miyezi yambiri, mpaka akuluakulu a kampani yojambula nyimbo ya Columbia Records anatchera khutu n'kumulemba woimbayo.

Amene anasunga mwambo umenewu nthawi yaitali kuposa onse anali a Pierre Robert, omwe anafika pa wailesiyi mu 1981 ndipo anakhala akuulutsa masana mpaka pamene anamwalira mu Okutobala 2025. Chigawo chawo cha Workforce Blocks ndicho ndinkachiyembekezera kwambiri. Omvera ankalemba kalata kupempha gulu loimba lomwe akulifuna, kawirikawiri pokumbukira tsiku lobadwa kapena m'bale amene anatisiya, ndipo iwo ankawerenga kalatayo mosathamanga asanaike nyimbo zingapo zotsatizana za gululo. Kwa ife amene tinakulira pa mapulogalamu opatsana moni pa wailesi kwathu ku Malawi, zimenezi sizinali zachilendo nkomwe, ndipo zinandithandiza kuzolowera nyimbo zomwe poyamba ndinkangoziona ngati phokoso.

M'mawa mumakhala a Preston Elliot ndi a Steve Morrison pamodzi ndi anzawo, omwe anabwera mu 2005 wailesi ya Y100, komwe ankagwira ntchito, itasiya nyimbo za rock. Ndiyenera kuchenjeza kuti pulogalamu yawo ndi ya macheza, nthabwala ndi alendo, ndipo nyimbo zimakhala zochepa, choncho wofuna gitala yekhayekha m'bandakucha sangakhutire nayo. Nthabwala zina ndi za akuluakulu, ndipo ine ndimasintha siteshoni ana akakhala m'galimoto. Komabe anthu omwewa ndi amene chaka chilichonse, nyengo yozizira ikamayamba, amagona kunja m'galimoto yogonamo pafupi ndi mabwalo a masewero a ku South Philadelphia kwa pafupifupi sabata yathunthu, kusonkhanitsa chakudya cha osowa kudzera ku bungwe la Philabundance. Ntchito imeneyi, yotchedwa Camp Out for Hunger, inayamba mu 1998 iwo asanabwere ku WMMR, ndipo kuona magalimoto a makampani ndi mabanja wamba atandandalika kudzatula katundu kumasonyeza kuti anthu amaitenga wailesiyi ngati yawo.

Pa kasankhidwe ka nyimbo, WMMR imasakaniza zakale ndi zatsopano, moti magulu a Led Zeppelin, Pearl Jam, Metallica ndi Foo Fighters angathe kumveka m'ola limodzi. Ndikanakonda magulu atsopano, makamaka a mumzinda momwemo, akanapatsidwa mpata wokulirapo masana, chifukwa nyimbo zina zotchuka zimabwerezedwa mpaka munthu kuziloweza asakufuna. Zotsatsa malonda ziliponso zambiri, monga mmene zimakhalira pa wailesi iliyonse yodalira malonda.

Kuyambira mu 2016 wailesiyi ili m'manja mwa kampani ya Beasley, yomwenso ndi mwini wa wailesi ya WMGK ya pa 102.9 FM. Amene akufuna nyimbo zakale zokhazokha apite kumeneko, koma amene wangofika kumene ku Philadelphia ndipo akufuna kudziwa zomwe anthu ake amaseka, amadandaula ndi kukondwera nazo ayambe ndi WMMR.