Singer kapena Ida Fink: muyambe ndi ndani?

Mwa olemba nkhani zazifupi za Ayuda, awiriwa anachokera ku Poland, koma maliro a anthu awo amawalira mosiyana.

Isaac Bashevis Singer anasamukira ku New York mu 1935, nkhondo ya Hitler isanabuke. Ankalemba m'Chiyidishi, chilankhulo cha Ayuda a ku Ulaya, ndipo mu 1978 analandira mphoto ya Nobel. Nkhani zake n'zodzaza ndi arabi (aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda), ziwanda, mikangano ya m'banja, ndi anthu okangana ndi Mulungu koma osamusiya. Midzi ya Ayuda imene inafafanizidwa amaiukitsa papepala ndi phokoso lake lonse. Pa zachikhulupiriro, iyeyu ndiye wozama.

Ida Fink zoopsa za kuphedwa kwa Ayuda pa nkhondo ya Hitler anaziona ndi maso. Anathawa mu ghetto (dera limene ankatsekeramo Ayuda) ya ku Zbaraż mu 1942 ndi zikalata zabodza, n'kudzasamukira ku Israel mu 1957. Ankalemba m'Chipolishi, timasamba towerengeka basi, ndipo kawirikawiri sakulowetsani m'misasa yophera anthu. Amakusiyani m'nyumba. M'nkhani ina makolo akuphunzitsa kamwana kawo kuti asilikali akagogoda, kachedwe kutsegula kuti bambo abisale, kenako kanene kuti anamwalira. Mtima umasweka, abale.

Ine ndikuti yambani ndi Fink, makamaka ngati ndinu kholo.