Bambo opopera mankhwala a ku Ndirande ndi abemberezi a pakhonde panga

Ngati mapaso a khonde lanu ndi a paini osapenta ngati anga kuno ku Chilomoni, bambo awa aitaneni, koma mugwirizane mtengo wonse asanakwere minibasi.

Munthu wina amene anabwera poyamba anati ndi chiswe, akufuna kupopera nyumba yonse. Awa ayi. Anaona utuchi uli mbuu pasimenti, n'kukweza maso. Pathabwa panali mabowo ozungulira bwinobwino ngati aboola ndi drilo, oti chala chaching'ono n'kulowa, ndipo kukhoma kunali madontho achikasu a zitosi. "Mayi, chiswe chimamata njira zadothi. Uyu ndi bemberezi."

Apa ndiye ndinaona kuti ntchito yawo amaidziwa. Woboola ndi wamkazi, ndipo sadya thabwalo, amangofuna poikira mazira. Akalowa pang'ono amakhota n'kumatsata utali wa thabwa, ndiye kunja mumaona kabowo kamodzi pomwe mkati muli ngalande. Mabowo akalewo amawabwereranso chaka ndi chaka, kumawatalikitsa. Paja bemberezi adziwa nyumba yake. Uja wachikasu thupi lonse, wokonda kulira pamaso pa munthu, ndi wamwamuna ndipo alibe mbola. Ana anga ankathawa chabe. Wamkazi, wakuda wa mizere yachikasu, ndiye amaluma, koma mpaka mutamugwira.

Anagogoda phaso lililonse ndi hamala. Limodzi linkamveka kuti mkati mulibe kanthu, anati limenelo ndipeze kalipentala asinthe, mankhwala sangalibwezere mphamvu. M'mabowo enawo anathira mankhwala aufa madzulo, abemberezi atalowa, n'kuwasiya osatseka. Patapita masiku anadzakhomamo timitengo ndi guluu, kupaka mankhwala otetezera matabwa a Solignum, n'kundiuza kuti ndidzapente chifukwa thabwa lopenta salikonda kwenikweni.

Zondinyansa zilipo. Ulendo wachiwiriwo anati afika m'mawa, ndinawadikira mpaka ana kuweruka kusukulu, foni osayankha. Makwerero alibe, tinakabwereka kwa aneba. Pomaliza anawonjezera ndalama yoyendera imene sanaitchule pachiyambi.

Koma abemberezi a m'chitsa chouma cha kuseri anakana kuwapha ngakhale ndinawapempha. Anati amenewo ndi amene amayendera maluwa a magalagadeya anga kuti abereke, ndipo chitsacho chili kutali ndi denga. Mvula yadutsa, pakhonde sindinasesenso utuchi.