Ndemanga pa kampani yoika makina oziziritsa m'nyumba

Kampani imene inatiikira makina a heat pump (oziziritsa komanso kutenthetsa m'nyumba) kuno ku America m'chaka cha 2024 ndikuiyamikira makamaka pa chinthu chimodzi: amisiri ake anatifotokozera momveka bwino kuti boma linkachotsera pa msonkho 30 peresenti ya ndalama zogulira ndi kuikitsira makinawo, koma osapitirira $2,000, pamene malire a makina wamba oziziritsa nyumba yonse anali $600 yokha. Anatipatsanso zikalata zofunika podzaza Form 5695, fomu yopemphera kuchotseredwa msonkhoko ku IRS, bungwe lotolera misonkho ku America. Makinawo amaziziritsa bwino ndipo usiku sasokosera ngakhale ali pafupi ndi zenera la kuchipinda. Chondidandaulitsa n'chakuti sanatichenjeze kuti msonkho wa munthu ukakhala wochepa kuposa ndalama yoti achotseredweyo, boma silinkabweza ndalama yotsalayo. Zimenezi tinadzazimva kwa wotiwerengera msonkho, makina titalipira kale.