Makina owotcherera a inverter olembedwa 200A: ntchito amagwira, koma nambalayo musaikhulupirire

Awa ndi aja makina ang'onoang'ono owotcherera ndi rodi, opepuka moti mumawakoleka paphewa. Ndawagwiritsa ntchito miyezi ingapo popanga mafelemu a matebulo, mashelefu ndi geti, pa square tube ndi angle iron za mamilimita 1.6 mpaka 6. Pa ntchito ngati zimenezi ali bwino ndithu, ndipo ndingawapatse nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo aitaya chifukwa cha nambala yomwe alemba pabokosi, komanso makebulo omwe amabwera nawo.

Tiyambe ndi 200A ija. Kuti makina atulutse ma amp 200, moto wa pa rodi umafuna mavoti pafupifupi 28, omwe ndi mawati 5,600. Mukawonjezera mphamvu yomwe imatayika ngati kutentha mkati mwa makina, ndiye kuti pa magetsi a 230V akuyenera kukoka ma amp oyandikira 30 kuchokera kukhoma. Komatu pulagi yomwe ali nayo ndi yolowa mu soketi wamba, ija yopirira ma amp 13 kapena 16 basi. Masamu akukana. Nambala yomwe imaoneka pa kagalasi kakutsogolo imangotsatira pomwe mwapotolera kabatani, siyeza moto weniweni. Mukapotola mpaka kumapeto, amawotcha ngati makina a 130 kapena 140A. Rodi ya 3.2 mm amaisungunula popanda vuto, koma ya 4.0 mm imazimazima ndi kumata. Kwa munthu wopanga zinthu zapakhomo izi sizodandaulitsa kwenikweni, chifukwa 4.0 mm mudzaifuna mwa apo ndi apo, koma ndi bwino kudziwa chomwe mwagula.

Kupuma kwake nako. Duty cycle, yomwe ndi nthawi yomwe makina angawotche asanafune kupuma, amaiwerengera pa mphindi 10, kotero 60% imatanthauza mphindi 6 mukuwotcha, mphindi 4 makina akuzizira. Pa rodi ya 2.5 mm sanazimepo, popeza nthawi yosintha rodi ndi kugogoda slag (chikhungwa chomwe chimauma pamwamba pa msoko) imawakwanira kupuma. Pa 3.2 mm, mukawotcha marodi angapo motsatizana, kagetsi kosonyeza kutentha kamayaka ndipo moto umaduka. Zikatero musathimitse pa switch. Asiyeni ali oyaka kuti fani ipitirize kuzungulira, abwerera okha.

Chomwe muyenera kusintha tsiku loyamba lomwelo ndi kilampu ya earth, ija yomangirira pa chitsulo chomwe mukuwotcha. Ndi kachitsulo kopyapyala, sipuling'i yake ndi yofooka, ndipo imatentha mpaka osagwirika. Kilampu ikamatentha ndiye kuti moto ukuthera pamenepo m'malo mofika pa rodi, n'chifukwa chake ambiri amaganiza kuti makina ndi ofooka pomwe vuto lili pa earth. Makebulo nawo ndi afupi, ndipo mukasenda kumapeto ndi kupala ndi mpeni mupeza kuti mkati mwake ndi moyera: ndi aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Ikani kebulo ya kopa weniweni ya 16 mm², kapena 25 mm² ngati mukufuna yotalika kupitirira mamita 5, ndi kilampu yolimba ya brass. Pomwe mukumangirira earth, perani ndi galayindala chitsulo chiwale, osati pa penti kapena pa dzimbiri. Mukangochita zimenezi makinawa amakhala ngati ena. Ngati mukugwiritsa ntchito extension, ikhale ya 2.5 mm², ndipo muifunyulule yonse, chifukwa ikakhala yokulunga imatentha.

Pa rodi ya mtundu wa E6013 ndi pomwe amasangalatsa. Moto umagwira msanga, hot start (kukweza moto kwa kanthawi poyatsa rodi) imathandizadi, ndipo rodi ikamata, anti-stick imatsitsa moto kuti muichotse isanafiire. Ya 2.5 mm imayenda bwino pa ma amp 70 mpaka 90, ya 3.2 mm pa 100 mpaka 130. Popeza kagalasi kamawonjeza, yambani mwayesa pa chidutswa chotsala. Moto ukakwana, msoko umaphwathalala pang'ono ndipo slag imayamba kudzuka yokha ikamazizira, ngati nkhanambo ya bala lomwe lapola. Ukachepa, msoko umakhala ngati chingwe chomwe changoikidwa pamwamba. Ukachuluka, timadontho ta chitsulo timawazika ponseponse ndipo m'mbali mwa msoko mumakumbika kangalande.

Pomwe ambiri amawanenera zoipa makinawa ndi pa square tube yopyapyala ya 1.6 mm, kuti amaboola. Kunena zoona vuto silikhala makina. Pa chitsulo chotere gwiritsani rodi ya 2.0 mm pa ma amp 40 mpaka 60, kapena ya 2.5 mm yotsitsidwa kufika cha m'ma 60. Sinthani makebulo kuti chogwirira rodi chikhale ku negative ndipo earth ikhale ku positive, chifukwa potero moto sulowa kwambiri m'chitsulo. Dulani zitsulo zikumane bwino, popeza mpata uliwonse ndi bowo lomwe likudikira. Musakoke msoko umodzi wautali. Gundani kadontho, dikirani kufiira kuzilale, gundani kena kolumikiza theka la koyambako, choncho mpaka kumapeto. Bowo likachitika, musalimbane nalo lili lotentha. Lisiyeni lizizire, chotsani slag, kenako muzidzaza kuchokera m'mphepete kulowera pakati.

Felemu ikapindika, nawonso si makina. Msoko umakoka chitsulo ukamazizira. Mangirirani felemu yonse ndi timadontho kaye, yezani ndi tepi kuchoka pa kona ina kufika pa kona yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri, ndipo miyeso ikafanana ndiye kuti yakhala sikweya. Mukatero wotcherani mosinthanasinthana, kona iyi kenako yotsutsana nayo, osati kumaliza mbali imodzi yonse.

Pali vuto limodzi lomwe ndi la makina onse a DC (otulutsa magetsi oyenda mbali imodzi), awa nawonso ali nalo. Mukafika mkati mwa kona kapena kumapeto kwa chitsulo, moto umapatuka ngati ukukankhidwa ndi mphepo. Ndi maginito omwe amapangika m'chitsulomo. Sunthani kilampu ya earth muiike pena, fupikitsani mpata wa pakati pa rodi ndi chitsulo, ndipo ngati mwaika maginito ogwirira kona, achotseni mukangomaliza timadontho toyamba.

Timabowo tokhala ngati ta chisa cha njuchi mu msoko timabwera chifukwa cha dzimbiri, penti, mafuta, rodi yonyowa kapena kutalikitsa moto. Mpata wa rodi ndi chitsulo usapose kunenepa kwa rodiyo. Slag ikamatsekeredwa pakati pa msoko, zomwe E6013 imakonda kuchita m'makona, pendeketsani rodi madigiri 10 mpaka 15 ndipo muzikoka, osakankha, kuti slag izitsalira kumbuyo.

Rodi ya E7018 amaiwotcha, chogwirira chili ku positive, koma kuyatsanso rodi yomwe mwaigwiritsa kale kumavuta mpaka mutathyola ka slag kolimba ngati galasi komwe kamauma kunsonga kwake. Rodi imeneyi imayamwa chinyezi, ndiye paketi ikatsegulidwa isungidwe mouma kwambiri. Rodi ya E6010 musadzivutitse nayo, imangozima.

Chophimba kumaso chogwira pamanja chomwe chili m'bokosimo chimakulandani dzanja limodzi, ndipo kaburashi ndi kahamala kake n'zoseweretsa. Pezani helmet yodetsa yokha, muiike pa shade 10 kapena 11, ndi magolovesi achikopa. Chitsulo cha galvanized, chokutidwa ndi zinc, chiperedwe kaye pomwe mukuwotcha, ndipo muwotchere pamalo opita mphepo, chifukwa utsi woyera wa zinc umadwalitsa ngati chimfine chachikulu.

Fani ya makinawa imakoka fumbi lililonse, ndipo fumbi la galayindala ndi chitsulo chenicheni chomwe chingalumikize moto pa bolodi yamkati. Aikeni kutali ndi komwe mukuperera, pamwamba osati pansi. Pakapita miyezi ingapo zulani pulagi, dikirani mphindi zingapo kuti ma capacitor atsitse moto womwe amasunga, kenako muwauzire ndi mpweya wouma wa kompuresa kudzera m'timipata ta m'mbali.