Fungo likathawa ndi matenda: kudzifukiza, madzi amchere kapena kununkhiza tsiku ndi tsiku?

Chifikireni Covid-19 m'dziko muno mu Epulo 2020, aliyense mu Blantyre ali ndi mankhwala ake a munthu amene wasiya kumva fungo. Azakhali a ku Ndirande akuti dzifukizeni ndi masamba a bulugama, anzanu a kuntchito akuti jinja, adyo ndi mandimu, mwana naye akukuonetsani lalanje lowotcha pafoni. Musanathamangire chilichonse, yambani mwaona ichi: kodi mphuno yatsekeka, kapena mpweya ukudutsa bwinobwino koma fungo ndiye kulibe? Awa ndi mavuto awiri, ndipo chothandiza pa loyamba sichigwira pa lachiwirili.

Fungo timalimvera pa kamalo kakang'ono kumtunda kwenikweni mkati mwa mphuno. Chimfine wamba chimatupitsa njira, mamina n'kutseka, fungo osafika pamenepo. Covid-19 amawononga maselo amene amasamalira mitsempha yomvera fungo, n'chifukwa chake ambiri ankadabwa mphuno ili pululu koma ngakhale sopo osamveka. Chakudya chimasukulukanso chifukwa lilime limangodziwa kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa ndi kukoma kuja kwa msuzi wa nyama. Zina zonse zimene zimasiyanitsa chambo ndi usipa zimakwera kumphuno kudzera kukhosi.

Kudzifukiza kumafewetsa mamina, munthu n'kupumako bwino kwa kanthawi. Pamenepo sindikutsutsa. Koma nthunzi siyipha kachilombo ndipo siyikonza mitsempha, ndiye ngati mphuno ili yotseguka kale mukungodzikhetsa thukuta. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi madzi owira pansi pa bulangete, munthu asakuona bwino, beseni lili pamiyendo. Ana musawayese n'komwe. Ndipo musadzifunditse pamodzi ndi mbaula yoyaka: mpweya wa makala ulibe fungo ngakhale kwa wa mphuno zabwino, ndipo umapha.

Pa mphuno yotsekeka, madzi amchere amaposa nthunzi. Theka la supuni yaing'ono ya mchere mu kapu imodzi ya madzi owiritsa amene afunda, n'kutsukira mphuno imodzi, kenako inzake. Sawotcha, safuna ndalama, ndipo amatsuka mamina enieniwo. Madziwo awiritsidwe ndithu, ngakhale akhale a pampopi.

Jinja, mandimu ndi uchi imwani, zimaziziritsa kukhosi. Koma anthu amapusitsika apa: akamva kuyabwa kwa jinja kapena moto wa tsabola wa kambuzi amati kukoma kwabwerera, pomwe zimenezo zimadzera mu mtsempha wina womvera kutentha ndi ululu. Phindu lake ndi lakuti wodwala amadyako nsima m'malo moikankha. Adyo wolowetsa m'mphuno ayi, amangotupitsa mkatimo. Lalanje lowotcha losakaniza ndi shuga lidatchuka pa TikTok, umboni wake palibe. Mankhwala a zinc opaka m'mphuno apeweni kotheratu. Mu 2009 bungwe la FDA, loona za mankhwala ndi zakudya ku America, lidachenjeza kuti ena mwa iwo ankachititsa anthu kutaya fungo.

Njira imene ine ndikuiika patsogolo mphuno ikakhala yotseguka ndi yophunzitsanso mphuno kununkhiza. Idadziwika ndi kafukufuku wa Thomas Hummel ndi anzake ku Dresden, m'dziko la Germany, mu 2009. Odwala ankanunkhiza mafungo anayi, la duwa la rozi, bulugama, mandimu ndi cloves (chokometsera zakudya chonunkhira kwambiri), kawiri pa tsiku kwa milungu 12, ndipo amene ankachita izi adachira bwino kuposa amene sankachita. Chifukwa chake n'chakuti maselo omvera fungo ali m'gulu la mitsempha yochepa m'thupi imene imaphukanso, ndipo kuikodola kawirikawiri kumathandiza ubongo kuzindikiranso zimene ikutumiza.

Kuno zipangizo zake sizivuta. Bulugama ali ponseponse, mandimu ali mbwee mumsika wa Limbe, cloves amapezeka m'masitolo a zokometsera ndiwo. Rozi akasowa, khofi wogaya kapena sopo amene mwazolowera amalowa m'malo. Tikitani tsamba, palani khungu la ndimu, ikani chilichonse m'kabotolo kakekake kotseka. M'mawa ndi madzulo nunkhizani chimodzichimodzi kwa masekondi 20, pang'onopang'ono, osati mokoka mwamphamvu, uku mukukumbukira mmene chinkanunkhirira kale. Kukumbukirako ndi gawo la ntchitoyo, choncho musachite uku mukuyang'ana pafoni. Masamba ndi makungu muzisintha akauma.

Kuipa kwake ndi kuchedwa. Nthunzi imapereka mpumulo lero lomwe, pamene iyi imatha mwezi munthu asanamve kanthu, ndipo ambiri amaitaya panjira. Sikuti imabwezera aliyense fungo lonse. Komabe ndi yokhayo mwa njira zapakhomozi imene idayesedwa mobwerezabwereza pa nkhani yobwezeretsa fungo, ndipo siyivulaza. Ambiri fungo limabwerera lokha m'milungu yochepa. Njirayi ndi ya iwo amene latsalira.

Ena pakati pa ulendo amayamba kumva zosokonekera: anyezi wokazinga, nyama kapena khofi kununkha ngati zowola kapena zopserera. Zimasautsa kwambiri, moti munthu amatha kuthawa kukhitchini, koma nthawi zambiri chimakhala chizindikiro chakuti mitsempha ikulumikizananso. Zakudya zozizira komanso zosakazinga zimapiririka bwino pa nthawi imeneyi.

Fungo lisanabwerere, ndiwo zogona azikununkhizirani wina, ndipo ngati mumaphikira gasi pakhale munthu wina wotha kumva akamatuluka. Miyezi ikadutsa popanda kusintha, kapena mphuno imodzi yokha ikatsekeka n'kumatuluka magazi, kaonaneni ndi achipatala. Ku chipatala cha Queen Elizabeth kuli gawo la makutu, mphuno ndi kukhosi, ndipo kumeneko amayang'ana ngati mkatimo mwamera tinyama totseka njira, zimene nthunzi kapena ndimu sizingachotse.