Miyezi 14 ndi Ryzen 7 5800X3D: cooler yaikulu siinathandize kwenikweni

Purosesa imeneyi ndinaigula mu August chaka chatha, yogwiritsidwa kale ntchito, kwa mnyamata wina yemwe ankasamukira ku AM5, m'badwo wa ma motherboard a AMD wotsatira AM4 yomwe purosesa iyi imagwiritsa ntchito. Nditangoimanga ndinauza anzanga kuti ndi yothamanga koma imatentha ngati mbaula. Tsopano yaona ma October awiri muno mu Lilongwe, m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Masana ndimakonzera makanema a maukwati ndi zinkhoswe, usiku ndimasewerapo magemu. Kutenthako kukadalipo, koma ndinkakumva molakwika.

AMD inatulutsa chip iyi mu April 2022. Kusiyana kwake ndi 5800X wamba n'koti pamwamba pa kachidutswa ka silicon kokhala ndi ma core 8 (timagawo togwira ntchito yowerengera) anasanjikapo kachidutswa kena kokhala ndi 64MB ya cache, memory yothamanga ya m'kati mwa purosesa. Ndiye cache yaikuluyo, yotchedwa L3, yonse imakwana 96MB m'malo mwa 32MB, n'chifukwa chake magemu amayenda bwino chonchi. Zidutswa ziwirizo amazilumikiza ku TSMC, kampani yopanga ma chip, mkuwa kugundana ndi mkuwa, popanda mtovu pakati. Cache yatsopanoyo imakhala pamwamba pa cache yakale, ndipo pamwamba pa ma core anayalapo silicon yopanda ntchito kuti pakhale pofanana. Kutentha kukabadwa mu core kumayamba kwadutsa chiyalo chimenecho, kenaka chivindikiro chachitsulo, kenaka thermal paste (phala lodutsitsa kutentha), ndiye n'kufika pa cooler, chipangizo choziziritsa purosesa. Zili ngati munthu wofunda mabulangete awiri, inu n'kumamukupizira panja pa bulangete. AMD yomwe inkadziwa zimenezi. Inatsitsa liwiro kufika pa 4.5GHz pomwe 5800X imafika 4.7GHz, voteji inaiikira malire pafupifupi 1.35V, ndipo overclocking, kukweza liwiro kuposa mmene anaikira, inaitsekeratu. Malire a kutentha ndi madigiri 90.

Tsiku limene ndikanazindikira linali Loweruka la mu October woyamba uja, cha m'ma 2 koloko masana. Ndinali ndikutulutsa kanema wa ukwati wa maola awiri, eni ake akuimba foni kawirikawiri. Pulogalamu yoonera kutentha ya HWiNFO inkaonetsa madigiri 89, 90, 89, mafani akulira ngati chigayo. Ndinatsegula chitseko cha bokosi la kompyuta cha m'mbali n'kugwira timasamba ta cooler ndi chala, ndikuyembekeza kupsa. Tinali tofunda chabe, ngati kapu ya tiyi yomwe yakhalitsa pa tebulo. Apo m'pomwe ndikanaima n'kuganiza. M'malo mwake ndinaitanitsa cooler ya nsanja ziwiri, yolemera mpaka ndinkaopa kuti ithyola motherboard. Ndalama zinapita zambiri ndithu. Phindu lake linali madigiri atatu kapena anayi basi.

Vuto si kuchuluka kwa moto. Chip iyi ndi ya 105W pa pepala, ndipo pa magemu imadya zochepa kuposa pamenepo. Vuto n'loti motowo umachokera pa kamalo kochepa kuposa chikhadabo cha chala, ndipo njira yake yotulukira ndi yothina. Cooler ingakule bwanji, singachotse kutentha komwe sikunafike kwa iyo.

Chomwe chinathandiza sichinandidyere ngakhale tambala: kuchepetsa voteji. Poyamba ndinkagwiritsa ntchito kapulogalamu kotchedwa PBO2 Tuner, kenaka BIOS (pulogalamu ya mu motherboard) yatsopano inabwera ndi Curve Optimizer, yomwenso imachepetsa voteji. Ndinaika -30, kutanthauza kutsitsa voteji ndi masitepe 30, pa ma core onse monga ambiri amachitira. Kutentha pa ntchito yolemera kunatsika kufika cha m'ma 80 koyambirira, ndipo liwiro linasiya kugwa, linangokhazikika pafupi ndi 4.45GHz. Kanema yemweyo anatha msangako pang'ono, ngakhale mphamvu ndinali nditachepetsa. Koma samalani. Patapita masabata atatu kompyuta inayamba kudzizimitsa yokha n'kudziyatsanso, osati ikugwira ntchito, koma ili chikhalire, ine ndikudya nsima. Ndinayamba ndaganizira magetsi, pajatu kuno timathamangira kumeneko. Anali core imodzi yosapirira -30. Nditaibweza pa -20, chichokereni sizinachitikenso.

Chinanso ndi phokoso. Chifukwa kutentha kumaunjikana pa kamalo kamodzi, nambala imadumpha kuchoka pa 45 kufika pa 70 mukangotsegula Chrome, kenaka n'kubwerera. Mafani amathamangira nambala imeneyo, kukwera, kutsika, kukwera, mpaka mayi akunyumba anafunsa ngati makinawo akudwala mphumu. Mu BIOS ndinaika kuti fani izidikira masekondi angapo isanasinthe liwiro. M'nyumba munabwerera mtendere.

Fumbi ndi nkhani yakeyake. Kuyambira August mpaka mvula yoyamba, timasamba ta cooler timavala chikhoto chofiirira, ndipo madigiri onse omwe ndinagula ndi ndalama zambiri aja amathera pomwepo. Ndimapopera mwezi uliwonse ndi blower, nditagwira fani kuti isazungulire. Thermal paste ndinasintha kamodzi patatha chaka, sindinaone kusiyana kulikonse.

Mu November 2024 AMD inatulutsa 9800X3D itatembenuza kasanjidwe: cache pansi, ma core pamwamba, pafupi ndi chivindikiro. Malire a kutentha anakwera kufika madigiri 95, liwiro 5.2GHz, ndipo overclocking inaloledwa. Nditawerenga ndinaseka ndekha, chifukwa ndi yankho la zomwe chala changa chinamva Loweruka lija. Koma kusamukira kumeneko kukufuna motherboard ya AM5 ndi RAM ya DDR5, ndipo ndi mmene kwacha ilili panopa, ayi, ndidikira kaye.

Kwa wosewera magemu yemwe ali kale ndi AM4, chip iyi ndimailimbikitsabe. Ngati ntchito yanu ndi makanema okhaokha, 5900X ya ma core 12 ingakuthandizeni koposa, poti mapulogalamu ambiri okonzera makanema sapindula kwenikweni ndi cache yochulukayo. Cooler yapakatikati ndi yokwanira, bola mutsitse voteji ndipo muyese core iliyonse payokha. Cooler yanga yakale ija ndinaipereka kwa mphwanga, ikuziziritsa purosesa yake ya Ryzen 5 5600 bwinobwino. Makanema aatali mwezi uno ndikumawasiya azituluka usiku, zenera lili lotsegula.